Chidayamba N'chiti? Kuphunzitsa Ana a ku Ntcheu Kuzindikira Ndondomeko ya Zochitika Powerenga

1.0 Chiyambi

Mwana akatha kutchula bwino mawu onse a m'ndime, ambiri timafulumira kunena kuti wadziwa kuwerenga. Koma kutchula mawu n'kwina, kumvetsa nkhani n'kwinanso. Chimodzi mwa zizindikiro zoti mwana wamvetsa zimene wawerenga n'chakuti amatha kunena chimene chidayamba kuchitika, chimene chidatsatira ndi chimene chidachitika potsiriza. Luso limeneli ndi limene m'nkhani ino ndikulitcha kuzindikira ndondomeko ya zochitika.

Lusoli limaoneka laling'ono, koma zinthu zambiri zimatsamira pa ilo. Mafunso a kumvetsa nkhani, chifupikitso, mbiri yakale ndi sayansi, zonsezi zimafuna wowerenga wodziwa kuika chinthu chilichonse pa malo pake. Kunja kwa kalasi nako n'chimodzimodzi. M'mabanja ambiri a kumudzi mwana wa sukulu ndiye amawerengera agogo ake malangizo ochokera kuchipatala. Mawu akuti "imwani musanadye" ndi akuti "imwani mutadya" amasiyana pa maphatikizo ochepa chabe, koma mwanayo akawasokoneza, wovutika ndi wodwala.

Njira yotchuka yophunzitsira lusoli ndi yopatsa ana mndandanda wa mawu monga "poyamba", "kenako", "pambuyo pake" ndi "pomaliza" kuti aziwasaka m'ndime. Njirayi si yoipa, koma ndi yoperewera, chifukwa m'Chichewa nthawi imanyamulidwa kwambiri ndi mneni. Mfundo yanga m'nkhani ino ndi yakuti mwana amabwera ku sukulu akumva kale ndondomeko ya zochitika ndi khutu, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kumuthandiza kuti ayambe kuiona ndi maso m'kati mwa aneni a pa pepala. Zitsanzo zanga ndazitenga m'boma la Ntcheu, kumene ndidabadwira ndi kuphunzira sukulu ya pulayimale.

2.0 Ndondomeko ziwiri m'nkhani imodzi

Nkhani iliyonse ili ndi ndondomeko ziwiri. Yoyamba ndi ya kachitikidwe, kutanthauza momwe zinthu zidatsatirana pochitika. Yachiwiri ndi ya kakambidwe, kutanthauza momwe wokamba kapena wolemba wasankhira kuzitchula. Nthawi zina ndondomeko ziwirizi zimayendera limodzi, nthawi zina zimasemphana.

M'chaka cha 1967 akatswiri a chiyankhulo William Labov ndi Joshua Waletzky adafotokoza kuti msana wa nkhani ya pakamwa ndi ziganizo zimene zimatsatana monga momwe zinthuzo zidachitikira, kotero kuti munthu akasinthanitsa ziganizo ziwiri nkhaninso imasintha. Tikanena kuti "Adamenya galu, galuyo adamuluma", wolakwa ndi munthu. Tikanena kuti "Galu adamuluma, adamenya galuyo", mlandu wagwera galu. Palibe liwu lililonse la nthawi limene taonjezera; malo a ziganizo okha ndiwo atiuza chimene chidayamba.

Koma olemba saumirizidwa kutsata njira imeneyi. Gérard Genette, katswiri wa zolembedwa wa ku France, m'chaka cha 1972 adasanthula mwatsatanetsatane momwe wolemba amabwererera m'mbuyo kapena kulumphira m'tsogolo m'kati mwa nkhani. Buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo, la m'chaka cha 1933, limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, motero wowerenga amayenda ndi nkhaniyo chamtsogolo. Nkhani ya m'nyuzipepala imachita zosiyana. Imayamba ndi mathero, monga kunena kuti bwalo la milandu lagamula munthu wina kukakhala kundende, ndipo za kuba, kugwidwa ndi kuzengedwa mlandu zimabwera m'ndime zotsatira. Nkhani zaifupi zambiri za masiku ano nazo zimayambira pakati, kenako n'kubwerera kukatola chiyambi.

Mwana amene amangodziwa kuti chotchulidwa poyamba ndicho chidachitika poyamba amayenda bwino m'nkhani za Sitandade 1 ndi 2. Akafika m'makalasi a pamwamba, kumene ndondomeko ziwirizi zimayamba kusemphana, amasokera osadziwa kuti wasokera. Choncho phunziro lenileni si kungoika zinthu mumzere ayi, koma kusiyanitsa chotchulidwa poyamba ndi chochitika poyamba.

3.0 Komwe nthawi imakhala m'Chichewa

Mneni wa Chichewa ndi liwu limodzi lonyamula katundu wambiri: wochita ntchito, kukana, nthawi, wochitiridwa ntchito ndi tsinde. Sam Mchombo, m'buku lake la m'chaka cha 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, adafotokoza bwino za kasanjidwe kameneka. Pa nkhani yathu ino, chofunika ndi kuona timaphatikizo timene timauza wowerenga kuti ntchito ziwiri zikukhudzana bwanji pa nthawi. Taonani ziganizo izi:

(a) Atafika ku Tsangano, adagula mbatata.
(b) Asanafike ku Tsangano, adagula mbatata.
(c) Adagula mbatata mvula ikugwa.
(d) Pamene basi inkafika, anali atagula kale mbatata.
(e) Adagula mbatata n'kukwera basi.
(f) Chifikireni ku Tsangano, sadagule kanthu.

M'chiganizo (a) mphatikira -ta- akusonyeza kuti kufika ndiko kudayamba. Mu (b) -sana- watembenuza zinthu: kugula ndiko kudayamba, ngakhale kwatchulidwa pambuyo. Mu (c) -ku- akusonyeza kuti ntchito ziwirizo zidachitikira pamodzi. Mu (d) mawu akuti "anali ata-" akutibwezera m'mbuyo, pomwe -nka- akusonyeza ntchito imene inali m'kati. Mu (e) n'ku- akulumikiza ntchito yachiwiri kuti idatsatira yoyamba. Mu (f) chi- ndi -reni akutipatsa poyambira kuwerengera nthawi. M'ziganizo zisanu ndi chimodzi zonsezi mulibe "poyamba", mulibe "kenako", mulibenso "pomaliza". Mwana amene adaphunzitsidwa kusaka mawu okhawo adzabwerako chimanjamanja.

Pali zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti timaphatikizo timeneti tivute pa pepala pamene sitivuta pakamwa.

Choyamba n'chakuti timakhala pakati pa liwu. Mwana wa m'makalasi oyamba amawerenga pophatikiza: a-sa-na-zi-mi-tse. Nzeru zake zonse zimathera pa kulumikiza maphatikizowo mpaka atazindikira tsinde, ndipo akalizindikira amapuma n'kunena mumtima kuti apa akunena za kuzimitsa. Zimene zinali kumayambiriro kwa liwu amakhala waziiwala. Izi ndidaziona ndi mwana wa achemwali anga wa Sitandade 4. Ndidamulembera pa katoni chiganizo chakuti "Agogo adapita kumsika wa ku Lizulu atadyetsa nkhuku." Adachiwerenga osalakwitsa liwu. Nditamufunsa kuti agogowo adayamba n'chiyani, adati adayamba n'kupita kumsika. Ndidachotsa katoniyo n'kumuyankhulira chiganizo chomwecho pakamwa. Adaseka nati, "Aa, amalume, adayamba n'kudyetsa nkhuku." Chichewa ankachidziwa. Chimene chidamuphonya ndi -ta- wolembedwa.

Chachiwiri n'chakuti kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Al Mtenje ndi akatswiri ena adalemba zambiri zosonyeza kuti m'Chichewa nthawi zina za mneni zimasiyana pa kamvekedwe kokha. Liwu lakuti "ndinagula", likatchulidwa mwa njira ina limanena za lero lomwe, likatchulidwa mwa njira inanso limanena za kale. Pakamwa khutu limathetsa nkhaniyi nthawi yomweyo. Pa pepala wowerenga ayenera kufufuza m'ziganizo zoyandikana kuti adziwe katchulidwe koyenera. Mabuku a sukulu amathandizako pogwiritsa ntchito -da- pa zinthu zakale, koma mwana amakumananso ndi makalata, zikwangwani ndi mauthenga a pa foni amene amagwiritsa ntchito -na- ponseponse.

Chachitatu chili mwa -sana- mwini wake. M'kati mwake muli -sa-, amene mwana amamudziwa ngati wokana, monga mu "asabwere" ndi "osapita". Powerenga chiganizo chakuti "Mvula isanagwe, agogo adafolera nyumba", mwana angathe kuganiza kuti mvulayo sidagwe n'komwe, motero n'kuichotsa pa mndandanda wa zochitika. Chimene chiganizocho chikunena n'chakuti pa nthawi yofolera nyumba mvula inali isanafike, ndipo malo ake pa ndondomeko ndi a pambuyo pa kufolera.

Vuto lodalira ndondomeko ya kakambidwe si la ana a Chichewa okha. M'chaka cha 1971 Eve Clark adafufuza momwe ana aang'ono oyankhula Chingerezi, a zaka zitatu mpaka zisanu, amamvera mawu akuti before ndi after. Adapeza kuti aang'ono kwambiri ankachita ntchito ziwirizo motsata momwe zatchulidwira, osasamala za mawu awiriwo. Ana a Clark ankamvetsera, sankawerenga, ndipo akamakula ankasiya chizolowezicho. Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chomwechi chimabwereranso mwana akayamba kuwerenga, chifukwa ntchito yophatikiza malembo imamulanda mphamvu zimene akadagwiritsa ntchito potsata nthawi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'Chingerezi chizindikirocho ndi liwu loima palokha, pomwe m'Chichewa chimabisala m'mimba mwa mneni.

4.0 Chuma chimene mwana amabwera nacho

Mphunzitsi wa ku Ntcheu sayambira pa nthaka youma. Mwana wa ku Tsangano, kumene kumalimidwa mbatata ya kachewere yambiri, amadziwa kuti munda umayamba wagalauzidwa, mizere n'kuungidwa, mbewu n'kubzalidwa; amadziwa kuti kupalira ndi kukwezera kumabwera kukumba kusanafike, ndi kuti mbatata imasankhidwa isanalongedwe m'matumba kupita kumsika wa m'mbali mwa msewu wa M1. Mwana wa kuchigwa cha Bwanje angakuuzeni za chimanga kuyambira kusosa, kubzala, kupalira, kubandira, kuimika mikukwe, kukolola mpaka kutonola. Mtsikana kapena mnyamata aliyense amene adakhalapo pafupi ndi mafuwa amadziwa kuti chipande sichigwira ntchito mthiko usanamalize yake.

Amabweranso ndi mawu a nthawi: dzana, dzulo, lero, mawa, mkuja; m'bandakucha, m'mawa, dzuwa lili paliwombo, chakumadzulo, pakati pa usiku; dzinja, masika, chilimwe. Mawu amenewa ali kale mumzere m'mutu mwake. M'nkhani yolembedwa amagwira ntchito ngati zikhomo zopachikapo zochitika, makamaka pamene wolemba sadatchule tsiku kapena chaka.

Chuma chachitatu ndi nthano. Wokamba akati "Padangokhala", omvera amayankha kuti "Tili tonse", ndipo kuyankhako kumapitirira mpaka kumathero. Ameneyu ndi mwambo wotsata nkhani phazi ndi phazi. Nthano zambiri zimabwereza chochitika chimodzi kangapo: nyama yoyamba iyesa n'kulephera, yachiwiri iyesa n'kulephera, mpaka ifike yaing'ono yonyozeka imene ipambana. Wokamba akadumpha nyama imodzi ana amamudzudzula pomwepo. Izi zikusonyeza kuti ndondomeko amaisunga.

Komabe chuma chimenechi chili ndi malire ake. Nthano zimakonda kuyenda chamtsogolo. Sizibwerera m'mbuyo kawirikawiri. Ntchito za kumunda nazo mwana amazidziwa kale, kotero angathe kuziika mumzere osawerenga n'komwe. Zinthu zimenezi ndi zabwino poyambira, koma mphunzitsi akaima pomwepo sangadziwe ngati mwana wawerenga kapena wangokumbukira za kwawo.

5.0 Njira zophunzitsira

Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale m'chaka cha 1994, makalasi a m'sukulu zambiri za boma adadzaza kwambiri, ndipo mabuku sakwanira mwana aliyense. Ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, imene idayamba m'chaka cha 2016, idaika mtima kwambiri pa malembo, maliwu ake, maphatikizo ndi kuwerenga mosadodoma. Maziko amenewa ndi ofunika, ndipo njira zimene ndikupereka pano ndi zomanga pamwamba pake. Zonse zikufuna zipangizo zopezeka m'dera, zimene aphunzitsi amazidziwa ndi dzina lakuti TALULAR: makatoni akale, makala, chingwe, miyala ndi bwalo la sukulu.

5.1 Mzere wa nthawi pa bwalo

Mphunzitsi alembe ntchito zisanu za ulimi wa mbatata kapena za kuphika nsima, iliyonse pa katoni yake, n'kupatsa ana asanu. Ajambule mzere pansi, mbali imodzi aikeko mwala wosonyeza chiyambi. Ana asanuwo aime mosokonezeka, ndipo anzawo awasunthe mpaka aime moyenera. Zikatero mphunzitsi aloze ana awiri oyandikana n'kupempha kalasi kuti ipange chiganizo chowalumikiza, koyamba ndi -ta-, kachiwiri ndi -sana-: "Titapalira, tidakwezera." "Tisanakwezere, tidapalira." Ana aone kuti chiganizo chasintha koma anzawo awiri aja sadasunthe. Apa ndi pamene mwana amayamba kuzindikira kuti kakambidwe kangathe kutembenuka kachitikidwe kali pomwepo.

5.2 Ziganizo zinayi

Gawo lachiwiri likufuna ntchito ziwiri zimene iliyonse ingathe kuyamba, kuti mwana asathandizidwe ndi zimene amazidziwa kale. Mphunzitsi alembe pa bolodi:

(a) Amayi adatseka chitseko asanazimitse nyali.
(b) Asanazimitse nyali, amayi adatseka chitseko.
(c) Atatseka chitseko, amayi adazimitsa nyali.
(d) Amayi adazimitsa nyali atatseka chitseko.

Ziganizo zinayi zonsezi zikunena chinthu chimodzi: chitseko chidayamba, nyali idatsatira. Mu (a) ndi (c) kakambidwe ndi kachitikidwe zikugwirizana. Mu (b) ndi (d) zikusemphana. Mwana wodalira malo a mawu adzakhoza (a) ndi (c), n'kulakwa (b) ndi (d). Motero ziganizo zinayizi ndi phunziro komanso ndi muyeso: m'mphindi zochepa mphunzitsi angathe kudziwa ana amene akuwerenga mneni ndi amene akungotsata mzere wa mawu. M'kalasi yaikulu ana angathe kuyankha onse pamodzi posewera: dzanja lamanja likankhe chitseko cha m'malere, pakamwa pauzire nyali, ndipo mphunzitsi aone amene ayamba ndi kuuzira. Ndi bwino kuti ana ayambe awerenga chamumtima n'kusewera, kenako mphunzitsi awerenge mokweza kuti khutu likonze zimene diso laphonya.

5.3 Kusaka m'kati mwa mneni

Ana akazolowera ziganizo, apatsidwe ndime yaifupi. M'malo mosaka "kenako" yekha, atseke mzere kunsi kwa mneni aliyense, kenako azunguze -ta-, -sana-, -nka- ndi "anali ata-" paliponse pamene awapeza. Apa mphunzitsi achenjeze kuti si "ta" aliyense amene ali wa nthawi: mu "atate", "mbatata" ndi "kutaya" mulibe za nthawi. Kusiyanitsa kumeneku kumaphunzitsa mwana kuona kuti liwu lili ndi ziwalo. Pa ntchito ziwiri zilizonse mphunzitsi afunse mafunso atatu osasintha: Chatchulidwa poyamba n'chiti? Chidachitika poyamba n'chiti? Wadziwa bwanji? Funso lachitatu ndilo lofunika koposa. Mwana akayankha kuti "Aphunzitsi, ndaona -sana- apa", ndiye kuti wapeza chida chimene angapite nacho ku nkhani ina iliyonse.

5.4 Nkhani yobwerera m'mbuyo

Kwa ana a Sitandade 5 mpaka 8, mbiri ya dera lawo ndi nkhani yabwino yoyeserera. Ndime ili m'munsiyi ndailemba dala mosatsata kachitikidwe:

"Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano. Kumeneko amakumbukira Inkosi Gomani Chikuse, amene adaphedwa ndi asilikali a atsamunda a ku Britain m'chaka cha 1896. Iwo adalowa ufumu bambo awo, Inkosi Chikuse, atamwalira m'chaka cha 1891. Patapita zaka zambiri mwana wawo, Inkosi Philip Gomani, nawo adalimbana ndi atsamunda pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland m'chaka cha 1953, ndipo adamwalira chaka chotsatira. Koma zonsezi zisanachitike, makolo awo anali atayenda ulendo wautali kuchokera kummwera kwa Africa mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, asanabwerere kudzakhazikika ku Domwe."

Ndimeyi ili ndi misampha ingapo yothandiza. Chiganizo choyamba chikunena za masiku ano, choncho malo ake ndi a kumapeto kwa mzere. Chiganizo chachiwiri ndi chachitatu zili ndi zaka, koma chaka chachikulu chatchulidwa chaching'ono chisanatchulidwe. M'chiganizo chachitatu kulowa ufumu kwatchulidwa poyamba, koma "atamwalira" akusonyeza kuti imfa ndiyo idayamba. Mawu akuti "chaka chotsatira" akufuna kuti mwana awerengere yekha n'kupeza 1954. Chiganizo chotsiriza chilibe chaka chilichonse, komabe ndicho chanyamula zinthu zakale koposa, ndipo umboni wake ndi "zisanachitike", "anali atayenda" ndi "asanabwerere".

Ana m'magulu alembe chochitika chilichonse pa kapepala kake n'kupachika pa chingwe. Ndondomeko yoyenera ndi iyi: kunyamuka kummwera, kufika ku Songea, kukhazikika ku Domwe, imfa ya Inkosi Chikuse, kulowa ufumu kwa Inkosi Gomani, kuphedwa kwawo, kukana chitaganya, imfa ya Inkosi Philip Gomani, ndi Umhlangano wa masiku ano. Kukangana kwa ana pa malo a kapepala kena ndiko phunziro lenileni, malinga aliyense aloze umboni wake m'ndime. Ubwino wina wa nkhaniyi n'ngwakuti maina a Nkolimbo, Lizulu ndi Domwe si achilendo kwa iwo. Domwe ali tsidya lina la malire, m'dera la Angonia ku Mozambique, kumene mabanja ambiri a ku Ntcheu ali ndi abale.

5.5 Mwana atembenuze nkhani yekha

Gawo lotsiriza ndi kulemba. Mwana asankhe nthano imene amaidziwa, kapena ulendo wake wa kuchigayo, n'kuilemba kawiri. Koyamba ailembe motsata kachitikidwe. Kachiwiri ayambire kumathero, monga kunena kuti "Ndidafika kunyumba ufa uli theka", kenako afotokoze zimene zidachitika asanafike. Kuti achite zimenezi adzakakamizika kugwiritsa ntchito "ndinali nditatsika", "ndisanawoloke" ndi "pamene ndinkadutsa". Mwana amene watembenuzapo nkhani ndi dzanja lake sadabwanso akaona wolemba wina akuchita zomwezo.

6.0 Zoyenera kusamala nazo

Pali zinthu ziwiri zimene mphunzitsi asaziiwale. Choyamba, kutsatana si kuchititsana. Chiganizo chakuti "Kadzidzi atalira pa denga, agogo adadwala" chikutiuza chimene chidayamba, koma sichikutiuza kuti kadzidziyo ndiye adadwalitsa agogo. Mwana ayenera kuphunzira kusiyanitsa -ta- ndi "chifukwa". Nkhaniyi si ya galamala yokha. M'midzi yathu anthu, makamaka okalamba, akhala akunamiziridwa ufiti pa umboni wakuti adadutsa pakhomo mwana asanadwale. Wowerenga amene adazolowera kufunsa kuti "Kodi ndime ikunena kuti chidayamba, kapena kuti chidachititsa?" adzafunsanso funso lomwelo pa mphekesera za pa chitsime.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa, motero ena anganene kuti nthawi yothera pa -ta- ndi -sana- ndi yotayika. Ine ndikuona mosiyana. Mwana amene wamvetsa m'chiyankhulo chake kuti kakambidwe ndi kachitikidwe zingathe kusemphana, akafika pa Chingerezi amangofunika kuuzidwa kuti ntchito ya -sana- kumeneko imagwiridwa ndi before, ya -ta- ndi after, ya "anali ata-" ndi had. Amakhala akuphunzira mawu atsopano a chinthu chimene akuchidziwa kale. Amene sadachimvetse m'Chichewa amalimbana ndi zachilendo ziwiri nthawi imodzi, chiyankhulo ndi ganizo lomwe.

7.0 Mathero

M'nkhani ino ndasonyeza kuti kuzindikira ndondomeko ya zochitika kumafuna kusiyanitsa chotchulidwa poyamba ndi chochitika poyamba, ndi kuti m'Chichewa umboni wa kusiyanaku umapezeka kwambiri m'kati mwa mneni. Ndasonyezanso kuti mwana wa ku Ntcheu ali kale ndi maziko ochokera kumunda, kumafuwa, ku nthano ndi ku mbiri ya mafumu ake, ndi kuti mphunzitsi angathe kumuchotsa pa mazikowo pang'onopang'ono mpaka pa nkhani zobwerera m'mbuyo, popanda kugula chipangizo chilichonse.

Olemba mabuku a sukulu, monga a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, angachite bwino kuika dala m'ndime za kumvetsa nkhani ziganizo zimene kakambidwe kake kakusemphana ndi kachitikidwe, pamodzi ndi mafunso ofuna kuti mwana aloze umboni. Sukulu zophunzitsa aphunzitsi zingachite bwino kulumikiza phunziro la nthawi za aneni ndi phunziro la kuwerenga, m'malo moziphunzitsa ngati zinthu zosadziwana. Kwa ife ophunzira za chiyankhulo, pali ntchito yofufuza imene ikutidikira: kutenga ziganizo zinayi zija, kupita nazo m'makalasi a Sitandade 2 mpaka 6 m'zigawo zosiyanasiyana za boma la Ntcheu, n'kuyerekeza mayankho a ana pomvetsera ndi mayankho awo powerenga. Zotsatira zake zingauze aphunzitsi kalasi yeniyeni imene -ta- ndi -sana- ayenera kuphunzitsidwa mwapadera.